Atachotsedwa a Njiri pa Ukochi

Padangokhala. Mukamayankha kuti "tili tonse," ana inu, muziyamba mwaganiza, chifukwa mawu amenewo ngopepuka pakamwa.

Padangokhala timu ya mpira ya nyama za Kudambo, ndipo kochi wake adali a Njiri. Timuyo adaiyambitsa ndi iwo. Bwalo lenilenilo adalambula ndi iwo, kuzula ziputu ndi mano awo opindikira m'mwamba aja, atagwada monga agwadira anjiri pa ntchito, mpaka maondo adauma gwa ngati khungwa la mtengo. Osewera adachita kuwatola m'tchire ali ana. Gwape, amene pambuyo pake adatchuka ndi kugoletsa, adampeza kuseri kwa chulu akumenya dzaye louma, mamina ali chuchuchu, iwo n'kumuuza kuti, "Iwe, mawa ubwere kubwalo. Mwendo wako wamanzerewo uli ndi nkhani."

A Njiri adali ndi mwana mmodzi, dzina lake Mangani. Amake adamwalira iye akadali wamng'ono. Mangani mpira sudamkonde, iyenso sadaukonde. Adakula akulima chinangwa kuseri kwa nyumba ndi kusamalira pakhomo. Bambo ake ankachoka m'mamawa, kubwera dzuwa litapendeka, mawu atasasa. Timu inkadya mphamvu zawo zonse, Mangani n'kumalandira zotsala, kutsokomola ndi nkhani za mpira zimene iye sankafunsa.

"Bambo, mudzapuma liti?"

"Ana aja akadzakhwima."

"Nanga ine sindine mwana?"

"Iwe ndiwe wanga kale. Aja ndikuchita kuwaumba."

Tsono timu ikakhala ndi osewera imakhalanso ndi masapota. A Kudambo masapota awo adali anyani, apusi ndi nkhanga. Mtsogoleri wawo adali nyani wamkulu wotchedwa Chikwapu, mwini ng'oma, amene tsiku la mpira ankadzipaka dothi loyera kumaso mpaka amake omwe osamzindikira. Chaka chimene a Njiri adabweretsa chikho Kudambo, Chikwapu ndi anzake adawanyamula m'mwamba n'kuzungulira nawo bwalo, akuimba:

Njiri, Njiri, bambo wathu,
Mano m'mwamba, chikho kwathu!
Njiri, Njiri, bambo wathu,
Mano m'mwamba, chikho kwathu!

"Madala, inu ndi ife mpaka imfa!" adafuula Chikwapu, misozi ikufufuta dothi lija kumaso. "Wokukhudzani inu wakhudza ng'oma yangayi!"

Koma chaka sichifanana ndi chinzake. Osewera ena adakalamba, ena adakopedwa ndi timu ya Kuphiri. A Njiri adayambanso kutola ana m'tchire, ana oti mpira ukamabwera amayamba atsinzina. Timu idayamba kugonja. Ikapita koyenda, kugonja. Ikasewera kwawo, kulepherana mphamvu. Ikapitanso koyenda, kugonja.

"Apatseni nthawi anawa," ankatero a Njiri. "Dzungu silikhwima tsiku lobzala."

"Nthawi timadya?" ankayankha Chikwapu. "Ife tikufuna zigoli, Madala."

Tsiku lina a Kuphiri adabwera n'kuwachinya a Kudambo pakhomo pawo pomwe, akazi ndi ana akuona. Mpira usadathe, Chikwapu adaigunda ng'oma:

Njiri, Njiri, pita kwanu,
Mano m'mwamba, nzeru pansi!
Njiri, Njiri, pita kwanu,
Mano m'mwamba, nzeru pansi!

Ng'oma yake yomweyo, pakamwa pake pomwepo. Zitsononkho ndi zibuma zidayamba kugwa pabenchi ngati matalala. Mangani adamva phokosolo ali kumunda, adataya khasu, nathamanga mchira uli njo. Adapeza bambo ake ali pageti, magazi akuchucha pamwamba pa diso.

"Tiyeni kunyumba, bambo."

"Dikira. Gwape akulira uko. Ndikamuuze kuti si vuto lake."

"Inu mukukha magazi, mukuganiza za Gwape?"

"Magazi aleka okha. Mwana akalira yekha, mawa amaopa mpira."

M'mawa mwake a Njiri adalawirira kubwalo monga mwa masiku onse. Mangani adawatsatira atasenza dengu la phulusa, pakuti mizere ya bwalo inkalembedwa ndi phulusa ndipo idali itafufutika. Ali mkati mothira mzere wapakati, kudatulukira Khwangwala, mneneri wa komiti, atavala kolala yake yoyera. Adatera pamtengo wa golo, nakonza kukhosi, nalengeza kuti dambo lonse limve:

"Tamverani, tamverani! Wapampando wathu a Mvuu ndi komiti yonse akudziwitsa onse okonda timu kuti timu ya Kudambo ndi a Njiri agwirizana kusiyana mwamtendere. Komiti ikuthokoza a Njiri chifukwa cha ntchito yawo, ndipo ikuwafunira zabwino zonse."

A Njiri adaweramuka, phulusa lili m'manja.

"Mangani, tagwirizana liti?"

"Simunagwirizane ndi munthu, bambo. Akuchotsani."

A Njiri adayang'ana mzere uja. Udali utafika pakati.

"Ndimalize kaye," adatero. "Mzere wosatha umasokoneza ana."

Adaumaliza. Mangani adangoima, dengu lili pamutu, mtima ukuwira.

Njira ya kwawo inkadutsa pamkuyu, pamene masapota ankasonkhana. Adawapeza ali mbwee, nkhani ili m'kamwa m'kamwa.

"Achita bwino! Anachedwa nazo!" ankatero Chikwapu.

"Mpira wa a Njiri ngwamakedzana," adatero pusi wina. "Kupatsirana, kupatsirana, ngati akugawana ndiwo pamaliro."

"Ine ndidanena kalekale," idatero nkhanga ina, "kuti munthu woyenda choweramira pansi sangaone golo."

"Udanena liti iwe? Si iwe unkalulutira kuposa tonse?"

"Vuto si kochi, vuto ndi komiti," kadatero kapusi kena kaimvi. "A Mvuu mpira adauonerapo liti? Amangoyasamula m'dziwe."

"Khala chete, mdala iwe! Unadya chinangwa cha a Njiri eti?"

"Koma bambo aja adatipatsa chikho."

"Chikho cha liti? Tizimwera madzi?"

Onse adafa nako kuseka. Ataona a Njiri ndi mwana wawo akudutsa, ena adayang'ana m'mwamba ngati akufuna nkhuyu. Kenaka Chikwapu adati, "Madala, wezuloyo musiye. Ndi ya timu."

A Njiri adavula wezulo m'khosi, adaipukuta ndi dzanja, naipereka ndi manja awiri. Mangani adati alumphe, bambo ake adamgwira.

"Asiye. Akwiya chifukwa amaikonda timu. Mtima ukatsika abwera kudzacheza."

Anjiri nyumba yawo ndi dzenje, ndipo amalowa chafutambuyo, nkhope kuyang'ana kunja. A Njiri atafika adalowa chomwecho, nagoneka chibwano pakhomo, maso kunjira imene imachokera kumsewu waukulu. Tsiku lidapita. Lina lidapita. Bala la padiso lidapola, koma chifuwa chija chidakula, maso nawo adayamba kuchita chidima. Tsamba likagwa, udzu ukagwedera, iwo ankatukula mutu.

"Mangani, kunjirako kukubwera ndani?"

"Palibe, bambo. Ndi mphepo."

"Ayi, ndamva ziboda."

"Ndi mphepo, bambo."

Mbiri za kubwalo zinkabwera ndi mphepo yomweyo. Komiti idali italemba kochi watsopano, Nyalugwe wa kutsidya kwa mtsinje, wa suti ya mawangamawanga, wosalankhulalankhula. Iye sankaphunzitsa kanthu. Ankangokhala pabenchi n'kumanyambita milomo, ndipo osewera, pokhala agwape, insa ndi mbawala, ankathamanga ngati nthaka ikutentha. Timu idayamba kupambana. Masapota adapenga.

"Uyu ndiye kochi! Uyu ali ndi mwambo!"

A Njiri adayamba kukana chakudya. Nthiti zidayamba kuwerengeka. Funso lidali lomwe lija, m'mawa, masana, madzulo.

"Mangani, kunjirako kukubwera ndani?"

"Palibe, bambo."

Mangani adaona kuti mankhwala amene bambo ake akufuna sakumbidwa m'tchire. Ankafuna mlendo mmodzi, mmodzi yekha, woti akhale pakhomo n'kunena kuti, "Madala, mwadzuka bwanji?" Adameza mkwiyo wake, nanyamuka kukapempha.

Adayamba kwa a Mvuu. Adawapeza ali m'dziwe, mphuno zokha zili panja.

"Bwana wapampando, bambo akudwala. Mutabwera kudzawazonda, angalimbe mtima."

A Mvuu adayasamula mpaka Mangani adaona kummero. "Nkhani imeneyo, mwana wanga, njofunika komiti. Tikakhala pansi tiiona. Uwauze kuti timu siyiiwala."

Adapita kwa Chikwapu. Adampeza akuwamba ng'oma padzuwa.

"A Chikwapu, bambo akudwala. Amakufunsani."

"Aa, Madala! Akadali moyo? Pepa, pepa. Koma ukuona wekha, timu ili pamoto. Ndikaoneka kwa a Njiri pano, anyamatawa ati ndagulidwa. Ligi ikatha tibwera tonse, ndi ng'oma yomwe."

Adamalizira kwa Gwape. Adamdikira kuseri kwa bwalo mpaka atamaliza zokonzekera.

"Gwape, iwe ndiye sungakane. Adakutola kuseri kwa chulu."

Gwape adacheuka uku ndi uku, makutu ali njenjenje. "Achimwene, musalankhule mokweza. Kochi sakonda kumva dzina limenelo. Ndibwera. Loweruka tikangomaliza mpira, ndibwera."

"Ulumbire."

"Ndati ndibwera."

Mangani adabwerera ndi mawu amodzi okhawo, nawapereka kwa bambo ake ngati phala. A Njiri maso adawala.

"Gwape? Wati Loweruka? Usese pabwalo. Ukumbe chinangwa chija chotsekemera, amachikonda chootcha. Kodi mphasa yabwino ija ilipo?"

Tsiku limenelo adadya. Mawa lake adadyanso, nafunsa ngati Loweruka lafika.

Loweruka Mangani adasesa pabwalo, adayala mphasa, adaotcha chinangwa nachivundikira ndi masamba a nthochi. A Njiri adagoneka chibwano pakhomo, mpweya ukuchita kukokedwa. Dzuwa litapendeka, kubwalo kudamveka chimkokomo, malipenga ndi ng'oma, dambo lonse kugwedezeka. A Njiri adatukula khutu.

"Wamva? Ameneyo ndi Gwape. Phokoso lotere ndi la mwendo wamanzere." Adamwetulira. "Mwana uja wakhwima. Chinangwa chisazizire."

Mangani adapita kukasonkhezera moto. Pobwera adapeza chibwano chili pomwe chija, maso ali kunjira, koma mpweya palibe.

Sadalire msanga. Adawatseka maso, adawafunditsa, natenga chikwanje. Mwambo wa Kudambo udali womwe tili nawo ife. Pamudzi pakagwa zovuta, mumadula nthambi za masamba aawisi n'kuziyala pamsewu, kumtunda ndi kumunsi kwa njira yolowera pakhomopo. Wodutsa aliyense akaona masambawo amadziwa. Woimba amaleka nyimbo, wa chipewa amavula, wothamanga amayenda, ndipo amapatuka kukakhala pansi ndi ofedwa. Masamba a pamsewu safuna mneneri.

Mangani adadula nthambi zabwino, zamasamba ambiri, kuti ngakhale wa diso limodzi aone. Adaziyala pamsewu waukulu, kumtunda ndi kumunsi. Msewu umenewo ndi umene masapota ankadzera pochokera kubwalo. Adabwerera pang'ono, nakhala pansi m'mbali mwa njira. Mumtima adati, ali moyo adawakana, koma maliro sakanidwa.

Fumbi lidaoneka. Ng'oma idayandikira. Adali atapambana, ndipo gulu lonse linkabwera chovina, Chikwapu patsogolo, Gwape atanyamulidwa pamapewa. Mangani adaimirira kuti awalandire.

Tsono masapota nawo ali ndi mwambo wawo. Akapambana amathyola nthambi n'kumazikupiza m'mwamba pothamanga. Tsiku limenelo mitengo ya kufupi ndi bwalo idali itatha kale kuthyoledwa, ambiri adali chimanjamanja. Atafika pamasamba aja, pusi wina adakuwa:

"Taonani! Atidulira kale!"

"Ndani wachifundo ameneyu?"

"Tola, tola, usafunse!"

Adalimbirana nthambi zija ngati ana pa mango. Adatola za kumtunda, adatola za kumunsi, osasiya ndi tsamba lomwe.

"Maliro!" adakuwa Mangani. "Amenewo ndi masamba a maliro! Bambo atisiya!"

Malipenga adameza mawu ake. Nkhanga ina idamuona akukweza manja, idayesa akusangalala nawo, idamlulutira. Chikwapu adamuona, adakumbukira kuti uyu ndi mwana wa a Njiri, ndipo m'malo moima adaitembenuza ng'oma:

Njiri, Njiri, khala kwanu,
Mano m'mwamba, nzeru pansi!
Njiri, Njiri, khala kwanu,
Taona mpira, ife tawina!

Gwape ali pamapewa paja adayang'ana kunjira ya kwa a Njiri kamodzi, kenaka adayang'ana kutsogolo. Gulu lidadutsa, masamba a maliro akuvina m'mwamba. Fumbi litatsika, msewu udatsala mbee, ngati pamudzipo sipadagwe kanthu.

Apo ndi pamene Mangani adalira. Adalira atakhala pakati pa msewu, yekha, mpaka dothi lidagwedera pambali pake n'kutuluka mutu wa Mfuko. Mfuko adali mnansi wawo wa pansi pa nthaka, wosaona bwino, woti chibadwire sadaonerepo mpira.

"Ndani akulira pamwamba pa denga langa?"

"Ndine Mangani, agogo. Bambo atisiya."

"Hii! A Njiri? Aja ankandisiyira makoko a chinangwa? Nanga anthu ali kuti? Sindikumva mapazi."

"Apita kukavina."

Mfuko sadafunsenso. Adatuluka yense, nakutumula dothi, nati, "Tiye. Maliro sakhala okha."

Pasiwa adagona awiriwo. M'mawa Mangani adatenga khasu kupita kuseri kwa munda, pansi pa mtengo wa mthethe.

"Ika khasulo pansi," adatero Mfuko. "Mwana sakumba manda a bambo ake. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu."

"Adzukulu ake ati, agogo? Mukuwaona?"

Mfuko adati, "Chabwino. Ine ndizikumba, iwe uzingochotsa dothi. Mizimu ikadzafunsa, ndidzati ndidakumba ndekha. Ine ndine wosaona, sindidakuone."

Koma manja a Mfuko ngaang'ono, ndipo a Njiri adali akulu. Mangani adagwada, nakumba ndi mano monga ankakumbira bambo ake. Adawakulunga mumphasa yabwino ija, imene idayalidwira mlendo. Adawanyamula yekha pamsana. Panalibe wolalikira, panalibe nyimbo. Mfuko adangoti, "Gonani, a Njiri. Munali mnansi wabwino." Atakwirira, Mfuko adalowa pansi, Mangani adabwerera kunyumba yopanda chifuwa cha bambo ake.

Miyezi idapita. Kubwalo zinthu zidayamba kusintha. Wosewera akalakwitsa, Nyalugwe ankamuitanira kuseri kwa tchire kuti akakambirane, ndipo wosewerayo sankaonekanso. Masapota ankati, "Wamuthamangitsa! Mwambo umenewo!" Adapita goloboyi. Adapita otchinga kumbuyo. Benchi idatsala mbee, kochi akunka nanenepa. Otsalawo adayamba kusewera diso limodzi kumpira, lina kubenchi, ndipo timu idagwa chagada. Gwape adapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ali ndi mikwingwirima pantchafu. Pamapeto Khwangwala adateranso pamtengo wa golo n'kulengeza kuti timu ya Kudambo ndi a Nyalugwe agwirizana kusiyana mwamtendere, ndipo komiti ikuwafunira zabwino zonse. Nyalugwe adawoloka mtsinje akutokosa m'mano.

Udatsala mpira umodzi. Kugonja pamenepo, timu ituluka mu ligi. Pamkuyu padadzaza.

"Nthawi ya Madala zoterezi kunalibe!"

"Madala ankadziwa kulera ana."

"Adawachotseranji kodi? Ndani adayambitsa?"

"Komiti! Ife tinkangoimba."

"Abwerere Madala! Tiyeni tikawatenge!"

Vuto lidali lakuti panalibe wodziwa bwino pakhomo pa a Njiri. Adasokera kawiri, mpaka Gwape adatsogola akutsimphina, mutu uli pansi. A Mvuu omwe adatuluka m'dziwe tsiku limenelo.

Mangani ankapalira chinangwa pamene adamva ng'oma ikupatuka pamsewu n'kulowa m'njira ya kwawo, njira imene bambo ake adaiyang'ana mpaka kutha.

Njiri, Njiri, bwera kuno,
Mano m'mwamba, bambo wathu!
Njiri, Njiri, bwera kuno,
Ana ako tikulira!

Adadzaza pabwalo mpaka m'munda, kuponda chinangwa. Chikwapu adabwera patsogolo, wezulo ija ili m'manja.

"Mangani, mphwanga! Wanenepatu. Madala alipo?"

Mangani adatsamira khasu. "Alipo."

"Tawadzera. Zakale zidapita, munthu salakwira mtengo. Wezulo yawo nayi. Tawadzutsa."

"Ali kuseriku. Bwerani mulankhule nawo nokha."

Adawatsogolera kuseri kwa munda, ng'oma ikulirabe. Adaima pansi pa mthethe. Ng'oma idagunda kamodzi, kawiri, n'kuleka. Patsogolo pawo padali mtumbira, udzu utayamba kale kumera.

"Awa," adatero Mangani. "Lankhulani mokweza, makutu adali atayamba kuwavuta. Adakudikirani nthawi yaitali."

Nkhanga ina idayamba kulira, zinzake zidalandira.

"Lekani!" adakalipa Mangani. "Musandinyowetsere manda. Misozi imeneyo idali ndi tsiku lake."

"Koma mphwanga," adatero Chikwapu, "zoterezi osatiuza? Ife tidali ngati ana awo. Bwanji sudaike ngakhale masamba pamsewu?"

"Ndidaika. Mudavina nawo."

Aliyense adayang'ana manja ake. Kenaka pusi wina adati, "Ine tsiku limenelo ndinali m'mbuyo." Wina adati, "Adayamba kutola ndi uyu." "Ine? Unandipatsira ndiwe!" "Wa ng'oma ndiye amaona kutsogolo!" Adayamba kulozana zala ndi kukankhana, ena mapazi ali pamtumbira.

A Mvuu adakonza kukhosi. "Anzanga, anzanga. Timu yataya chipilala. Komiti ikhala pansi, ndipo ndikulonjeza kuti bwalo lathu lidzatchedwa dzina la malemu."

"Bwalo adalambula okha," adatero Mangani. "Dzina lawo adapita nalo. Musiyeni."

Chikwapu adasendera pafupi, natsitsa mawu. "Mphwanga, zachitika zachitika. Koma Madala ankaikonda timu, iwenso ukudziwa. Loweruka tikagonja, tathera pompo. Tipatseko kadothi pang'ono ka pamtumbirapa, kodzaza dzanja basi, tikawaze pagolo. Mzimu wawo utitchingira."

Mangani adakwera pamtumbira, adagwada, naloza mano ake kugulu lonse.

"Mudawadya ali moyo, mukufuna muwadyenso ali pansi? Dothi ili ndidakumba ndine, ndi mano angawa, ine mwana wawo, chifukwa adzukulu adali kovina. Wofuna dothi abwere adzatenge. Bwera, Chikwapu. Ndiwe wa dzanja lalikulu."

Chikwapu adabwerera m'mbuyo, naponda nkhanga.

Nthawi yomweyo Khwangwala adatulukira m'mwamba akupuma wefuwefu. "Bwana wapampando! Kubwalo kwafika Nthiwatiwa wa kuchipululu! Akuti adaphunzitsapo matimu akuluakulu, ndipo ngwokonzeka kuyamba lero lomwe!"

"Nthiwatiwa? Wa miyendo itali uja?"

"Ameneyo ndiye kochi!"

"Tiyeni tikamuone asanatengedwe ndi a Kuphiri!"

Gulu lidati balala. A Mvuu adatsatira pambuyo akuguguda nthaka. Chikwapu adayang'ana wezulo, adayang'ana mtumbira, naikoleka wezuloyo m'khosi mwake, nathamanga. Asadafike pamsewu, ng'oma idali itayambanso, akuyesa kuti dzina la Nthiwatiwa lilowe bwanji m'nyimbo.

Adatsala Gwape yekha, ataima ndi miyendo itatu.

"Achimwene," adatero, osakweza maso, "adanenapo kanthu za ine?"

Mangani adamyang'ana. Mawu omaliza a bambo ake adali onena za Gwape. Iye, amene adawasambitsa ndi kuwadyetsa, sadatchulidwe. Akadamuuza, Gwape akadapita nawo mawuwo ngati mphatso, n'kumagona tulo.

"Afunse," adatero Mangani. "Si awa ali apawa?"

Lipenga lidalira kumsewu. Gwape adacheuka, adayang'ananso mtumbira, kenaka adatsimphina kutsatira anzake.

Mangani adatsika. Mtumbira udali utagumuka m'mbali, zidindo za mapazi a anyani zili ponseponse. Adatenga khasu, naunjikanso dothi, nasalaza ndi manja mpaka phazi lomaliza lidafufutika. Atatha adakhala pansi pamthunzi wa mthethe, msana atatsamira manda a bambo ake, ndipo adakhala pomwepo mpaka ng'oma idaleka kumveka.

Nthano yanga yathera pamtumbira pomwepo, ana inu, ndipo phunziro lake nali: wokuimbira nyimbo pabwalo si wako, wako ndi amene amabwera pakhomo pako kulibe ng'oma.